Kodi dzulo limapita kuti? Funso landisowetsa tulo

Mwana_wa_Linga
Moni nonse. Ndikudziwa kuti pagulu pano timakonda kukambirana za mitengo ya usipa ndi za msewu koma lero mundilole ndifunse zina. Lachiwiri magetsi atazima ndinatsikira kunyanja, pamchenga pomwe bambo anga ankakocheza bwato lawo, kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha, mlalang'amba uli mbee ngati wina wamwaza ufa. Ndiye ndinakumbukira zomwe mwana wa mlongo wanga wa Form 4 anandiuza, akuti nyenyezi tikuzionazi sitiziona mmene zilili lero, tikuona kuwala kwakale, kwina kunanyamuka ife tisanabadwe. Ndinakhala pamenepo mpaka 11 koloko. Bambo anatisiya zaka 6 zapitazo. Ndiye ngati zakale za nyenyezi zikutifika lero, ndiye kuti zakale sizitha eti? Tsiku lija ankandiphunzitsa kupalasa ndili ndi zaka 9, likadalipo penapake? Kapena dzulo likapita lapita basi, kulibe komwe limasungidwa? Sindikufunsa mwachibwana abale, ndikufuna kumva kwa amene anaphunzira komanso kwa akuluakulu.

Nachisale_Dwangwa
Pepani achimwene. Usiku kunyanja kumabwera maganizo ambiri, ine mayi anga atamwalira ndinasiya kutuluka panja kukada.

KabazaBoy_SA
Zapita zapita man. Madzi akatayika saoleka. Musadzivutitse mutu.

Sir_Physics_KK
A Mwana_wa_Linga, mwana wa mlongo wanuyo sananame, mumuuze apitirize. Ndiyambe ndi zomwe zinayezedwa ndipo palibe mkangano. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndi liwiro lalikulu koma lili ndi malire. Mwezi mukuuona mmene unalili sekondi imodzi ndi pang'ono yapitayo. Dzuwa likamatuluka kutsidya kwa nyanja mmamawa, mukuliona mmene linalili mphindi 8 zapitazo. Kumwera pafupi ndi nyenyezi zija zopanga mtanda pali ziwiri zowala zotsatana, yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri, kuwala kwake kumatenga zaka 4 ndi miyezi ingapo kuti kutipeze. Ndiye tembenuzani nkhaniyi. Kuwala kwadzuwa komwe kunagunda mchenga wa ku Linga bambo anu ali moyo, kwina kunabwerera kumwamba ndipo kukuyendabe mpaka pano, kwadutsa kale mtunda wofika ku Alpha Centauri. Koma ndisakunamizeni, kuwala kumeneko kwamwazikana kwambiri, palibe makina omwe angakusonkhanitse nkuona nkhope ya munthu. Ndipo chithunzi cha tsiku si tsikulo. Funso lanu lenileni loti tsikulo likadalipo, limenelo ndi lakuya kuposa nkhani ya kuwala, ndibweranso ndikamaliza kuchonga.

Mwana_wa_Linga
Zikomo aphunzitsi, ndidikira. Zoti kwadutsa kale nyenyezi ina zandichititsa nthumanzi.

Chia_Siginala
Ine sukulu ndinalekezera Standard 7 koma ndakhala panyanja zaka 22 ndiye mundilole ndiponyepo mawu. Anyamata anga amanena za ma dimension, akuti utali, mulifupi, kuya, ndi nthawi. Ndinawauza kuti zimenezo ife asodzi timagwiritsa ntchito tsiku lililonse kungoti sitinazipatse dzina. Ukafuna kubwerera pomwe unapha utaka wambiri, panyanja palibe msewu palibe chikwangwani, umayang'ana kumtunda, phiri ili likhale kumbuyo kwa mtengo uja, ndiye kwinaku phiri lina lilunjike pa nyumba yamalata ija. Zinthu ziwiri zimenezo zakupatsa malo pamwamba pamadzi. Koma sizinathe, uyenera kudziwa kuti nsomba zili mikwamba ingati pansi, ukalakwitsa chilimila chidutsa pamwamba pake ubwera chimanjamanja. Chachitatu chimenecho. Ndiye chachinayi, pita malo omwewo kuya komweko koma mwezi uli mbee kapena mwera ukuwomba, supeza kanthu. Malo opanda nthawi si malo. Ndiye kwa ine nthawi ndi gawo la adiresi ya nsomba. Bambo anu ndinkawadziwa a Mwana_wa_Linga, adiresi yawo ya tsiku limenelo mukuidziwa, mchenga mukuudziwa, chaka mukuchidziwa, vuto ndi loti bwato lopita mbali yachinayiyo tilibe.

Nachisale_Dwangwa
Madala apa mwalankhula.

Sir_Physics_KK
Madala a Chia_Siginala mwandiphera ntchito, ndipo mawa ndikagwiritsa ntchito chitsanzo chanu mkalasi. Zimene mwanenazo ndi zomwe Hermann Minkowski ananena mu 1908 pofotokoza ntchito ya Albert Einstein ya mu 1905, kuti malo ndi nthawi si zinthu ziwiri zosiyana koma chinthu chimodzi cha mbali zinayi. Ndipo chodabwitsa nchoti nthawi siyenda mofanana kwa aliyense. Ukamathamanga kwambiri wotchi yako imachedwa poyerekeza ndi ya amene watsala, ukakhala kutali ndi mphamvu yokoka ya dziko wotchi yako imafulumira. Mu 1971 anakweza mawotchi olondola kwambiri mndege kuzungulira dziko, pobwera anali atasiyana ndi omwe anatsala pansi, monga mmene masamu ananenera. A KabazaBoy_SA, mapu omwe mumatsegula pafoni amadalira ma satellite a GPS omwe ali makilomita pafupifupi 20,000 mmwamba, mawotchi ake amatsogola ndi ma microsecond 38 tsiku lililonse, kachigawo kakang'ono zedi ka sekondi, koma akanapanda kukonza zimenezo mapu anu bwenzi akuphonya ndi makilomita pafupifupi 10 pakutha pa tsiku limodzi lokha. Munthu ali pa Kamuzu Road foni nkumanena kuti ali kwina panjira ya ku Senga Bay.
Ndiye apa mpomwe funso lanu likulowera. Ngati anthu awiri oyenda mosiyana sangagwirizane kuti "pano" ndi liti, ndiye kuti palibe "pano" mmodzi wa chilengedwe chonse. Akatswiri ena amati ndiye kuti dzulo, lero ndi mawa zonse zilipo, ngati mmene Chipoka, Salima, Benga ndi Nkhotakota zonse zilipo pa msewu wa M5 ngakhale minibasi ili pamalo amodzi okha. Ukadutsa Benga sikuti Benga yafufutika. Mnzake wapamtima wa Einstein, Michele Besso, atamwalira mu March 1955, Einstein analembera banja lake kalata yowatonthoza ndi ganizo lomweli, kuti kusiyana kwa zakale, zalero ndi zamtsogolo ndi mmene ifeyo timaonera chabe. Iye mwini anamwalira mwezi wotsatira. Koma ndinene poyera, ili ndi ganizo lotanthauzira masamu, akatswiri ena amalikana, amati nthawi imayendadi ndipo mawa kulibe mpaka lifike.

KabazaBoy_SA
Aphunzitsi za GPS ndavomera. Koma minibasi imatha kutembenuka kubwerera ku Benga. Nanga nthawi bwanji sitembenuka? Ngati ndi msewu bwanji uli wopita mbali imodzi?

Sir_Physics_KK
Funso labwino kwambiri ndipo likuvutitsabe anthu. Yankho lomwe tili nalo ndi mwambi womwe munaponya uja. Zinthu zimachoka pa dongosolo kupita pa chisokonezo chifukwa njira zosokonekera nzambiri kuposa njira zolongosokera. Thirani shuga mu tiyi mutakase, sadzabwereranso pa supuni. Nsima sibwerera kukhala ufa. Zimenezi amazitcha entropy. Koma chifukwa chake chilengedwe chinayamba chili cholongosoka choncho zaka 13.8 biliyoni zapitazo, pamenepo mpomwe pali mfundo yosamasuka.

Abiti_wa_ku_Kombo
Salaam nonse. Ine za masamu sindilowa koma zoti nthawi siyenda mofanana ife tinaphunzira kumadrasa tili ana. Anyamata a kuphanga aja a mu Qur'an anagona zaka 309, podzuka ankaganiza kuti agona tsiku limodzi kapena gawo la tsiku, mpaka mmodzi anapita kumsika ndi ndalama yakalekale. Komanso ulendo wa Mtumiki wa usiku umodzi kuchoka ku Makkah kufika ku Jerusalem mpaka kumwamba. Ndiye kwa ine Allah ndi amene analenga nthawi, Iye sali mkati mwake, tsiku la bambo anu kwa Iye silinapite kulikonse ndipo linalembedwa. Achimwene apempherereni basi malinga ndi chipembedzo chanu.

Mkulu_wa_Mpingo_Benga
Ndigwirizane ndi mayiwa ngakhale tili osiyana kopemphera. Pa 2 Petro 3 ndime 8 pamanena kuti kwa Ambuye tsiku limodzi lili ngati zaka chikwi. Ife tili ngati munthu ali mbwato amene amaona funde limodzi lokha lomwe likubwera, Mulungu ali ngati waima paphiri la Ntchisi akuona nyanja yonse. Koma ndichenjeze, zobisika nza Mulungu, tisafike poganiza kuti ndi masamu tingapeze akufa.

Sir_Physics_KK
Abambo, masamu sanena kuti tingawapeze, pamenepo musadere nkhawa. Ngakhale amene amati dzulo lilipo amavomereza kuti palibe njira yodziwika yobwererako.

Dalitso_wa_Joni
Nanga inu mukuti kulibe njira yachidule, afiti amafika bwanji kuno ku Johannesburg usiku umodzi pa lichero nkubwerera tambala asanalire? Ife pa basi timatenga masiku awiri kudutsa Mozambique ndi Zimbabwe. Mwina iwowo ndi amene anapeza dimension yachisanuyo, azungu akuifuna ndi makina pomwe agogo athu anaidziwa kalekale.

KabazaBoy_SA
Izi ndiye zoona, kwathu ku Khombedza ndege ina inagwa padenga la munthu, anthu anaona.

Nesi_Mphatso
Ayi apa ndikana ndipo ndikana mwamphamvu. Anthu anaona chani? Anaona gogo ali mbulanda kuseri kwa nyumba ya eni mmamawa, sakudziwa komwe ali, basi nkhani ya ndege nkuyamba. Ine ndawalandira agogo otere akuchucha magazi atagendedwa. Ambiri amakhala ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, munthu amadzuka usiku nkuyamba ulendo wopita kumudzi komwe anakulira zaka 60 zapitazo. Chonde nkhani yabwino ngati iyi tisaisandutse chifukwa chogendera makolo athu.

Dalitso_wa_Joni
Sindinanene kuti tigende munthu achemwali, ndangofunsa.

Nesi_Mphatso
Ndamva achimwene, koma zimayamba ndi kungofunsa komweko, mwana akamva akulu akunena amakatola mwala.

Nachisale_Dwangwa
A nesi mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Zaka ziwiri zomaliza sankandidziwa, ankanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Madzulo aliwonse ankati tiyeni tikonze nsalu mawa tikavinire Kamuzu, ena kunyumba ankawakalipira kuti Kamuzu anamwalira mu 1997 agogo, koma iwo ankangotiyang'ana ngati ifeyo ndi amene tasokonezeka. Ndipo sikuti ankakumbukira ayi, kukumbukira ndi kwina, iwo anali komweko, nkhope imasintha, mawu amasanduka a mtsikana. Ine ndinasiya kuwatsutsa, ndinkangoti chabwino achemwali tikonza. Ndiye ndikawerenga za aphunzitsi za Benga ndikuona ngati thupi lawo linali pa Nkhotakota koma iwo anatsikira pa Benga.

Mwana_wa_Linga
Izi zandikhudza. Ndiye mwina funso langa lili pawiri, kuti tsikulo lili kunja uko kapena lili mkati mwathu.

Wophunzira_Chanco
Ndalowa mochedwa, bundle inatha. Pali chinthu chomwe ndikufuna muone pa chiyankhulo chathu chomwechi. Timati "pamene ndinaima" kutanthauza malo, timatinso "pamene ndinafika" kutanthauza nthawi, liwu lomwelo. Timati kutsogolo kwa nyumba, timatinso mtsogolo muno. Mmbuyomu. Khirisimasi yayandikira. Patali. Makolo sanasiyanitse malo ndi nthawi pakamwa pawo. Ndipo John Mbiti, mbusa komanso katswiri wa ku Kenya, analemba mu 1969 kuti kwa anthu ambiri a mu Africa womwalira safa kotheratu pomwe alipo anthu omudziwa ndi kumutchula dzina, amakhala ali pakati, kenako womaliza womudziwa akamwalira mpomwe amalowa mgulu la makolo akale. Ambiri anamutsutsa pa mfundo yake ina yoti ife sitiganiza za mtsogolo mwakutali, inenso pamenepo sindigwirizana naye, munthu wodzala mtengo wa mango saganiza za mawa lokha. Koma ya akufa amoyoyo ndimaiona kwathu, timati agogo akwiya, timapatsa mwana dzina lawo, timawaphikira mowa wa chikumbutso. Sitinena ngati anthu oti kulibe.

Mkulu_wa_Mpingo_Benga
Kukumbukira makolo nkwabwino mwana wanga, kuwapembedza ndiye ayi. Pamenepo tisiyanitse.

Chia_Siginala
Abambo a mpingo, ku Mbenji chilumba chimatsekedwa nyengo yamvula, palibe kupha nsomba, kulibe mowa kulibe juga, ndipo potsegula pamakhala mwambo wa makolo. Nsomba zimaswana, anthu amapha zambiri. Amene anaika lamulo limenelo anapita kale koma akutidyetsabe. Ndiye kaya muti kukumbukira kaya muti chani, dzanja lawo likadali panyanja.

Mai_a_Twins
Pepani kudula, alipo akudziwa ngati mafuta afika pa boma? Ndikufuna kupita ku Dwangwa mawa.

KabazaBoy_SA
Ku Salima kuno alipo koma mzere wake ndi wautali, kumeneko sindikudziwa.

Mai_a_Twins
Zikomo. Koma poti ndalowa kale ndinene yanga. Pobereka mapasawa anandipanga opaleshoni yondigoneka tulo tonse chifukwa zinthu zinavuta. Ndikukumbukira dokotala akunena kuti werengani mpaka 10, ndinafika pa 4. Kenako nthawi yomweyo, osati patapita kanthawi ayi, nthawi yomweyo ndinamva amayi anga akundiitana, kunja kwada, ana akulira pambali. Maola asanu anasowa. Si ngati tulo, ukagona tulo podzuka umadziwa kuti papita nthawi, thupi limakuuza. Apa panalibe kanthu, ngakhale mdima panalibe, ngati wina wadula nsalu nkulumikiza. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ineyo ndinali kuti maola amenewo. Thupi linali pabedi, mtima ukugunda, koma mwini wake kulibe. Chiyambire pamenepo imfa sindiiopa ngati kale, koma nthawi zina ndi zomwezo zomwe zimandiopsa.

Nesi_Mphatso
Amayi zimene mwafotokozazi odwala ambiri amanena chimodzimodzi, ena amatsitsimuka nkufunsa kuti muyamba nthawi yanji pomwe tamaliza kalekale. Mankhwala aja sazimitsa ubongo wonse, mbali zake zimagwirabe ntchito koma zimasiya kulumikizana bwino, ngati mudzi woti anthu onse alipo koma aliyense watsekeredwa mnyumba mwake. Muubongo muli maselo pafupifupi 86 biliyoni otumizirana mauthenga. Ana odwala malungo aakulu ofika kuubongo amakomoka masiku awiri atatu, ena akadzuka amapitiriza pomwe analekezera, wina anadzuka nkupempha phala lomwe ankamwa tsiku lomwe anakomoka. Ndiye ine mmene ndaonera pantchito, kumva kuti nthawi ikuyenda kumapangidwa ndi ubongo. Ubongo ukaima, kwa iweyo nthawi kulibe.

Wophunzira_Chanco
Apa ndiye tafika pa consciousness, ndipo ndakhala ndikusaka liwu lake lachichewa. Ena amati chikumbumtima koma chimenecho nchina, ndi chija chimakutsutsa ukaba. Kuzindikira? Kukhala maso? Umoyo?

Abiti_wa_ku_Kombo
Ndi mzimu basi, ruh. Mukuzunguliranji.

Wophunzira_Chanco
Amayi, mzimu ndi yankho, ine ndikufuna dzina la funso. Mai_a_Twins mzimu wawo sunachoke, sanamwalire, koma china chake chinazima maola asanu. Chimenecho nchani? Timati wakomoka, watsitsimuka, ndiye chomwe chimabwerera potsitsimukacho. Katswiri wina wa ku Australia, David Chalmers, cha mma 1990 anati ili ndiye vuto lovuta kuposa onse, kuti ngakhale utadziwa selo lililonse la muubongo mmene likugwirira ntchito, sunafotokozebe chifukwa chake pali winawake mkatimo amene akumva kukoma kwa chambo chootcha. Foni imajambula nyanja koma siona nyanja. Ife timaona.

Dalitso_wa_Joni
Ndiye bwanji osanena kuti chimenecho ndiye dimension yachisanu? Ine kuno ndimalota ndili kwathu ku Lifuwu ndikuwamba nsomba ndi malemu amalume, fungo la utsi ndimalimva, podzuka ndili mkachipinda ku Joni. Ndimakhala ndapita ndithu.

Sir_Physics_KK
A Dalitso maloto anu sindikuwapeputsa, inenso malemu mkazi wanga ndimamulota. Koma liwu la dimension tisalimwaze. Kwa ife limatanthauza mbali yomwe ungayeze ndi nambala, monga madala aja anachitira ndi mikwamba. Za mbali yachisanu zilipo ndithu mmabuku, Theodor Kaluza anasindikiza ganizoli mu 1921, Oskar Klein mu 1926 nkuwonjezera kuti mwina sitiiona chifukwa inapindika nkukhala yaing'ono zedi. Taganizani chingwe cha mbedza, inu mukachiona patali ndi mzere chabe, kupita uko kapena kubwera kuno, koma nyerere ikakwerapo imatha kuchizungulira, kwa iyo pali mbali ina yomwe inu simukuiwerengera. A string theory, ganizo loti zinthu zonse zinapangidwa ndi tizingwe tating'ono zedi, amati mbali zonse ndi 10, ena 11. Koma mvetsani, palibe amene anaipeza. Ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, kuli makina a pansi panthaka ozungulira makilomita 27 omwe amawombanitsa tizidutswa ta maatomu, akhala akusaka zizindikiro zake ndipo mpaka pano sanapeze. Ndipo ngakhale atapeza, palibe chomwe chikusonyeza kuti maganizo amakhala mmenemo. Tikangoti chilichonse chomwe sitikuchimvetsa chili mu dimension ina, tangosintha dzina la umbuli wathu, sitinafotokoze kanthu. Pa YouTube pali ambiri ogulitsa nkhani zotere, ena mpaka amalipiritsa.

Dalitso_wa_Joni
Koma simunganenenso kuti kulibe.

Sir_Physics_KK
Zoona, sindinganene. Ndikungokana kunena kuti kulipo ngati ndaona.

Chia_Siginala
Aphunzitsi ndikufunseni. Nyanja yathuyi kumpoto imafika mamita 700 kuya, ndipo anthu ofufuza nsomba anatiuza kuti ukapitirira mamita 200 ndi kanthu mpweya mulibe, nsomba sizikhalako. Ndiye kampango amakhala moyo wake wonse pamwamba pa madzi omwe sangalowemo, ndipo pamwamba pake pali mlengalenga momwenso sangakhale. Usiku timabwera ife ndi nyali, usipa umaona kuwala kochokera komwe sudziwa nkusonkhana. Ukanakhala ndi sukulu bwenzi aphunzitsi ake akunena kuti kunja kwa madzi kulibe umboni. Sindikutsutsa inu, ndikungoti ifenso mwina tili mkati mwa madzi athu.

Sir_Physics_KK
Madala pamenepo ndilibe chotsutsa. Kusiyana kwake nkoti ife tinapeza njira yosuzumira kunja pang'ono. Mu 1919 pa nthawi ya kadamsana wa dzuwa, gulu la Arthur Eddington linapita pa chilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa, ena ku Sobral ku Brazil, anajambula nyenyezi zapafupi ndi dzuwa nkupeza kuti kuwala kwake kwapindika monga Einstein ananenera mu 1915. Malo enieniwo amapindika. Palibe diso lomwe likanaona zimenezo, koma ganizo linayesedwa nkupambana. Ndiye usipa ukafuna kudziwa za nyali, uyambe kuwerenga kuti imabwera masiku ati, uona kuti mwezi ukawala sibwera.

KabazaBoy_SA
Ine ndabwerera pa mawu anga oyamba koma ndasintha pang'ono. Madzi saoleka koma sikuti asowa, alowa mdothi.

Nachisale_Dwangwa
A Mwana_wa_Linga muli chete, takusokonezani?

Mwana_wa_Linga
Ayi achemwali ndimawerenga zonse, kawiri kawiri. Ndinapita kukaona amayi madzulo ano ndiye ndinawafunsa za tsiku lopalasa lija osawauza chifukwa chake. Ine ndimakumbukira kuti kunali bata, dzuwa likutuluka, bambo akuseka. Amayi akuti ayi, kunali mpoto, iwo anakana kuti ndipite, anakangana ndi bambo pamchenga pomwepo ndipo pobwera ndinasanza mbwato, bambo anachita kundinyamula paphewa mpaka kunyumba. Zonsezo ine mulibe mmutu mwanga. Za paphewazo ndinalira nditamva. Ndiye ngati tsikulo lili mkati mwathu mokha, lili pawiri, langa ndi la amayi, ndipo sakufanana, ndipo la bambo linapita nawo. Nchifukwa chake mtima wanga ukukokera ku zija za msewu wa M5, kuti pali tsiku lenilenilo lomwe silidalira kukumbukira kwanga kolakwitsaku, lili pomwe lili ndi mpoto wake ndi phewa lawo, ngakhale ine sindingafikeko. Aphunzitsi mwanena kuti ena amakana, ndamva, sindikunena kuti ndatsimikiza.

Nesi_Mphatso
Kukumbukira kumatero achimwene, nthawi iliyonse ukakumbukira ubongo umamanganso nkhaniyo, sikuti umatsegula kaseti. Afunseninso amayi zambiri pomwe alipo, mujambule mawu awo pafoni.

Abiti_wa_ku_Kombo
Zoona, ndipo mufunsenso azakhali anu ngati alipo, aliyense ali ndi chidutswa chake.

Mwana_wa_Linga
Azakhali alipo ku Sani, ndipita Loweruka. Aphunzitsi, mwa zonse zomwe diso lingaone popanda makina, chakale kwambiri nchiti? Ndikufuna ndikamuonetse mwana wa mlongo wanga uja.

Sir_Physics_KK
Kumwera kukada bwino muona timitambo tiwiri toyera tomwe sitisuntha ndi mphepo, si mitambo, ndi milalang'amba ing'onoing'ono, kakakuluko kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 160,000. Koma chakale kuposa zonse chomwe anthu ambiri angathe kuona ndi mlalang'amba wa Andromeda, zaka 2.5 miliyoni. Imaoneka kumpoto, osati pamwamba kwambiri, madzulo a mu October mpaka December, ngati kadontho ka utsi. Musayang'ane molunjika, yang'anani pambali pake pang'ono mpomwe imaonekera. Pafunika usiku wopanda mwezi komanso kutali ndi mababu, ndipo utsi wa moto wa tchire ukachuluka imabisika.

Chia_Siginala
Pamchenga simuona bwino, magetsi a pa boma amasokoneza. Mwezi ukalowa mdima sabata yamawa bwerani ku Chia cha mma 5 madzulo inu ndi mwanayo, tikulowetsani mkati, tisanayatse nyali tikhala kaye mumdima pang'ono. Aphunzitsi nanunso bwerani mudzatilozere. Mutenge majuzi, kumazizira, ndipo mwanayo asadye zamafuta masana.